M'bawa wa Teleza

Ine sindine wodula mitengo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pa esiteti yathu ino ya tiyi pali anthu amene makutu awo ndi ongokongoletsa mutu. Wodula mitengo ndi aliyense amene wabwereka sowo ya injini kwa mlamu wake. Ine Everson ndinapita ku kosi, ndinalemba mayeso, ndinakwera mtengo pa chingwe mphunzitsi akundiyang'ana, ndipo satifiketi yanga ili mu fulemu pakhoma pabalaza panga.

Zinayamba ndi ogula tiyi wathu akunja. Iwo anati safuna kumvanso kuti mitengo yachilengedwe ya m'makhwawa ndi m'manda ikugwetsedwa mwachisawawa, ndipo wokhudza mtengo wotere azikhala munthu wophunzitsidwa, wa pepala. Kampani inatumiza awiri, ine ndi Limbikani, mnzanga amene tadula naye bulugamu wa kufakitale kuyambira tili anyamata. Limbikani zolemba anakhoza, koma atafika pamwamba pa mtengo miyendo inamukana. Anabwerako chimanjamanja, nkukhala wondigwirira chingwe pansi. Ine ndinabwerako ndi ovolosi yatsopano, kumsana kwake atalemba mawu akuluakulu achizungu akuti TREE SURGEON.

Azimayi othyola tiyi atafunsa kalaliki wa kusitolo kuti mawuwo akutanthauza chiyani, iye anawayankha kuti ndi dokotala wa mitengo, wa opaleshoni weniweni. Basi dzina linamera. Ndikamadutsa kumalaini, kunyumba za antchito, ankandiitana: “Adokotala, tabwerani kuno, mpini wa khasu langa wagona ndi malungo.” Ndinkachita ngati ndakwiya, koma ndisaname, mumtima munkakoma. Mkazi wanga Marita anayamba kusita ovolosi, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni. Chimene chinkandinyansa ndi kumva kuti Loweruka Limbikani akakhala kwa Masambanjati, akusadzula mapeyala a anthu ngati akuwalanga, nayenso ankadzitcha dokotala. Ndinamuuza kuti dzina limeneli lili ndi mwini wake. Anaseka nkunena kuti ngati ndi lolemera ndimugawireko.

Pakati pa munda wina wa tiyi pali manda akale. Ukamabwera kuchokera kumtunda umangoona tiyi wobiriwira atayala phiri lonse, kenaka kankhalango kakuda kataima pakati pokha. Mmenemo munagona makolo athu amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito. Palibe ziliza. Amene ali ndi wake mmenemo amamudziwira pa mtengo. M'mphepete mwenimweni mwa mandawo munali m'bawa wamkulu, nthambi zake zitafunga kanjira kamene othyola tiyi amadutsa ndi madengu popita ku sikelo. Namondwe wa Freddy atadutsa, mtengowo unatsala utapendekera kunjirako. A manijala anandituma kuti ndikauone. Anati mawu anga ndi omaliza: ndikati ukhale ukhala, ndikati ugwe ugwa.

Ndinapita m'mawa wa chiperoni, nkhungu itatsika mpaka pa tiyi. Masamba a mtengowo anali obiriwira bwinobwino. Koma nditaugogoda ndi nyundo, unayankha ngati ng'oma. Patsinde panali bowa wouma wosanjikizana, mbali ya kumanda dothi linali litatukuka, ndipo mng'alu unakwera kuchokera pansi mpaka kupitirira mutu wanga. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndinadziwa pomwepo kuti ntchito ndi ya sowo.

“Mwamupeza bwanji, adokotala?”

Ndinalumpha. Kuseri kwa tsinde kunali mayi wachikulire atakhala pa chitenje, miyendo atatambasula, pambali pake pali kabeseni, fulasiki ndi tsache. Ndinawazindikira: a Magdalena, amene anathyola tiyi moyo wawo wonse mpaka zala zinapindika, ndipo tsopano amakhala m'mudzi wa kuseri kwa mpanda.

“Mayi, mukutani kumanda nokhanokha?”

“Ndine gadiyani.”

Ndinaseka. Ndinayesa ndi nthabwala zomwezija za mpini wa khasu. Iwo sanaseke.

“Wodwala aliyense amakhala ndi womudikirira. Kapena chipatala chanu n'chosiyana? Ndamva kuti kampani yatumiza dokotala, ndiye ndati asapeze wodwala ali yekha ngati alibe abale. Uyu ndi Teleza, mwana wanga woyamba. Ali pansi apa. Mtengowu ndinabzala ndine.”

Ndinachita kusowa mtengo wogwira, ine munthu wa mitengo. Pa kosi anatiphunzitsa kumanga mfundo, kuwerenga mphepo, kudziwa matenda a khungwa ndi a mizu. Za gadiyani sanatiphunzitse. Ndinangoti ndaona, ndiganizira.

“Achira?”

“Tiyesa, mayi.”

Mawu amenewo anatuluka okha. Ndinapita ku ofesi nkukauza a manijala kuti mtengowo ukhoza kupatsidwa mpata: ndiupepuze nthambi za kunjira, ndiumange ndi waya ku mtengo wina wa mkati, ndipo kanjirako titseke kaye. Sikuti ndinanama. Nzeru imeneyi m'mabuku ilimo, kungoti si ya mtengo wofika pamenepo. A manijala anangoti, “Dokotala ndinu.”

Tinayamba ntchito. Akuluakulu a m'mudzi analoleza kuti tilowe kumandako, Limbikani anagwira chingwe, ine ndinakwera. Ndakwera mitengo yambiri ndipo mtengo uliwonse umalira mphepo ikawomba, zimenezo si nkhani. Koma uwu unkalira kopanda mphepo. Nditazimitsa sowo, nditatsamira pa thunthu kuti ndipume, ndinamva kaphokoso kochokera mkati, kakang'ono, kolowa ndi kutuluka, ngati khanda limene mphuno zatsekeka. Ndikudziwa chimene chinali. Ndi mng'alu umene unkatseguka ndi kutsekeka ndi kulemera kwa mtengo. Ndikhoza kukujambulirani pa bolodi. Koma ndinatsika msanga kuposa mmene ndinaphunzirira.

A Magdalena ankafika tsiku lililonse ife tisanafike. Ankasesa patsinde, nkuwunjika masamba pambali. Nthambi ikamagwa ankatembenukira kumbali, ngati mmene mayi amachitira mwana akamabayidwa jekeseni. Pa kosi anatiletsa kupaka penti pa bala la mtengo, akuti mtengo umadzipoletsa wokha ndipo penti amangosungira chinyezi. Koma mayiwo atandifunsa kuti nanga mankhwala alandira liti, ndinakatenga penti woyera kusitolo nkupaka bala lililonse. Anagwedeza mutu mokhutira. Masana ankandithirira tiyi wa mu fulasiki ndi kundipatsa chinangwa chophika. Limbikani ankamupatsa chotsala, chifukwa m'maso mwawo iye anali wokankha machira. Zimenezo ndinasangalala nazo kuposa mmene Mkhristu ayenera kusangalalira.

Ntchito itatha ndinkapitabe m'mawa uliwonse kukaona mng'alu. Poyamba munkalowa chala. Kenaka munalowa zala zonse. Tsiku lina dzanja linalowa mpaka pa wotchi, ndipo nditalitulutsa linali ndi zofumbwa zonyowa, zonunkha ngati nyumba imene yakhalitsa yotseka.

“Wagona bwanji?” ankandifunsa motero a Magdalena.

“Chimodzimodzi, mayi.”

Choipa china n'chakuti anthu athu riboni yofiira imene tinatsekera kanjira amaiona ngati chokongoletsa ukwati. Njira yozungulira inali yaitali, dengu la tiyi ndi lolemera, ndiye ankangowerama nkudutsa pansi pa mtengo pomwepo. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Ankati, “Pepani adokotala,” mawa lake nkudutsanso. Ndiye masana ena kunawomba kamphepo wamba, waya uja anaduka, mtengo unasuntha, ndipo nthambi youma inagwa pamalo pamene mtsikana wina wobereka mwana anali atangodutsa kumene. Dengu lake linaphwanyika. Iye ndi mwanayo sanavulale.

A manijala sanakweze mawu. Anati mvula ili pafupi, ndipo anafunsa ngati ndingaike dzina langa pa mawu akuti mtengowo uima mpaka mvula ithe. Ndinati ayi. Anati ndiye ndikudziwa chochita.

Potuluka ndinapeza Limbikani akunola tcheni cha sowo pakhonde.

“Ife opanda pepala timangodula, amwene,” anatero osadzutsa mutu. “Kufotokozera abale ndi ntchito ya adokotala.”

Ndinafuna kumuponya helemeti, koma ankanena zoona.

M'mawa mwake ndinamuuza kuti adikire kumsewu ndi zipangizo, ine ndinatsikira kumanda ndekha. Kunali mitambo, tiyi ali chete, othyola ali patali kumtunda. A Magdalena anali atasesa kale. Ndinakhala pa muzu moyang'anana nawo nkuyamba kufotokoza monga anatiphunzitsira: kuti bowa wadya mtima wa mtengo, kuti mizu ya mbali imodzi inaduka ndi namondwe, kuti masamba obiriwirawo asawanamize. Ndinamaliza ndi kunena kuti mtengowu wauma mkati.

“Sindinafunse za kuuma,” anatero. “Zouma ndi nkhuni.”

Iwo anayang'ana zala zawo, nkuyamba kuyankhula motsitsa, Chichewa chikumasanduka Chilomwe pakati pa mawu.

“Ndinali mtsikana, tikukhala kumalaini akale aja anagumula. Ndinachirira m'nyumba. Mwana anabadwa bwinobwino, anayamwa. Mchombo usanagwe anayamba kutentha, kenaka anasiya kulira, kenaka anangoti zii. Ndinati tipite naye kuchipatala ku Makwasa. Azimayi akuluakulu anamuyang'ana nkunena kuti palibe chopitira. Anandilanda m'manja. Adokotala, anandilanda ali wofunda.”

Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

“Mukudziwa mwambo wake. Mwana amene sanatuluke m'chikuta sakhala ndi maliro. Amakamuika azimayi okha, kumphepete, dzenje losazama. Dzina analibe, la Telezali ndinamupatsa ndekha mumtima. Anandiuza kuti ndisalire, ndikalira mimba itseka. Sindinalire. Ndinabereka anyamata anayi, onse ali moyo. Pambuyo pake mayi wina anandilozera malo, ndinatenga kambande ku nazale ya kampani nkudzabzala. Mtengo unakula kuposa anzake onse. Anthu ankati dothi ndi labwino. Ine ndinkati, chimene chikuukankha pansipo n'chiyani? Munthu wakufa angakulitse mtengo chonchi?”

Pamwamba pathu kaphokoso kaja kanayamba, kolowa ndi kutuluka. Ndinaona kuti nawonso akukamva. Ndinazindikira kuti akhala akukamva kalekale ine ndisanabwere.

“Palibe dokotala anamuona mwana wanga. Palibe anaika chomvera pachifuwa pake. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna munthu wodziwa andiuze. Ndiye ndikufunsani inu. Wamwalira?”

“Mayi, ine ndine wa mitengo chabe. Dzina lija ndi la ntchito, kalaliki uja anangomasulira...”

“Kumsana kwanuko kunalembedwa bodza?”

“Ayi.”

“Pepala anakupatsani?”

“Anandipatsa.”

“Ndiye muyezeni.”

Ndinachita mantha, ndipo ndinachita manyazi. Dzina limene ndinkakanganirana ndi Limbikani ndikanatha kumupatsa ulere nthawi imeneyo. Koma panalibe wina. Ndinagwada patsinde, ndinavula helemeti, nkuika khutu pa khungwa. Khungwalo linali lozizira, lonyowa ndi mame. Mkati kaphokoso kaja kankamveka bwino kuposa kale, pafupi, ngati kali kuseri kwa chitseko. Ndinakhalitsa pamenepo mpaka mawondo anachita dzanzi, ndikudziuza kuti ndi mng'alu, ndi mng'alu basi. Kenaka ndinadzuka, nkuima patsogolo pawo manja ali kumbuyo.

“Pepani mayi. Teleza anamwalira.”

Sanaphethire. “Liti?”

Apa mpamene ndinaona dzenje limene linali patsogolo panga. Ndikanati lero, kapena ndikanati namondwe ndiye wamupha, ndiye kuti ndawauza kuti tsiku lija azimayi anakwirira mwana wamoyo.

“Kalekale, tsiku lomwelo. Anamwalira ali m'manja mwanu, asanakulandeni. Khanda likakhala pachifuwa pa mayi ake limatenga kutentha kwa mayiyo. Kufunda kumene munamva kuja kunali kwanu.”

Zimenezi pa kosi sitinaphunzire. Sindikudziwa kumene ndinazitenga, ndipo sindikudziwa ngati dokotala wa anthu angavomereze. Koma ndinazinena ndi mawu osanjenjemera.

“Nanga akulira mkatimu ndani?”

“Ndi mtengo, mayi. Wang'ambika.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamasula chitenje cha pamapewa nkuchimanga m'chiuno, anaika manja kumutu, nkulira. Sikunali kusisima. Kunali kulira kwa maliro kwenikweni, kokweza, kotchula dzina, kumene kumamveka tsidya la khwawa. Kumtunda othyola tiyi anaweramuka mmodzimmodzi. Kwathu kuno mfuu wotere sufunsidwa kawiri. Anatula madengu, kapitawo akuwakuwira, nkutsika kudzera m'mizere ya tiyi. Woyamba kufika anali mtsikana uja nthambi inamuphonya, mwana ali kumsana.

“Ndani watisiya?” anandinong'oneza.

“Mwana wa a Magdalena.”

Sanafunse zambiri. Anakhala pansi pambali pawo, enanso anakhala, ndipo ndinachita kuwapempha kuti asunthire kutali ndi mtengo. Anawadzutsa a Magdalena mowagwira m'khwapa nkukakhala nawo m'mphepete mwa tiyi. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya maliro. Limbikani anafika ndi zipangizo, anaona zimene zinkachitika, nkuvula chipewa. Sanandiseke.

Tinadikira nyimbo zithe. Mtengo wovunda mkati sugwetsedwa ngati bulugamu, umatha kukutembenukira. Tinaumanga zingwe, tinaukokera kunjira kuti usagwere manda a anthu, ndipo ndinadula pang'onopang'ono. Unagwa kumene ndinaulozera. Nthaka inagwedezeka, mbalame zinabalalika, kenaka kunali zii. Ndinatchera khutu. Kaphokoso kaja kanali katasiya.

Ndikupukuta thukuta, ndinaona a Magdalena akubwera, azimayi awiri atawagwira. Anati akufuna kumugwira komaliza.

Aliyense amene anagwirapo sowo ya injini amadziwa kuti chitsa chongodulidwa kumene chimakhala chofunda. Tcheni chimatenthetsa mtengo, komanso zovunda za mkati zimasunga kutentha kwake ngati mulu wa manyowa. Ndinaika dzanja pa chitsacho mwakabisira. Chinali chofunda ngati mphumi ya munthu.

Ndinaima pakati pa iwo ndi chitsa.

“Dikirani kaye, mayi. Malamulo salola.”

“Malamulo ati?” anafunsa mmodzi wa azimayiwo.

“A ntchito yathu. Abale salowa mpaka dokotala atamaliza.”

Limbikani anandiyang'ana, anayang'ana chitsa, ndipo anamvetsa. Anatenga riboni yofiira nkuzunguliza malowo, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Kwa nthawi yoyamba pa esiteti ino, anthu anailemekeza riboni.

Ndinayamba kudzipezera zochita. Ndinasesa utuchi, ndinakumba zovunda za pakati ndi manja nkukazimwaza kutali, ndinathira madzi onse a m'botolo langa ndi a m'botolo la Limbikani. Ndinagwiranso. Chinali chofundabe. Ndinapinda zingwe, nkuzimasula, nkuzipindanso. Kapitawo anabwera kudzatenga anthu ake, ambiri anabwerera ku tiyi. Kunayamba kuwaza kamvula. Chitsa cha bulugamu chikanazizira kalekale, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chimene ichi chinachedwera chonchija. Nthawi iliyonse ndikaikapo dzanja, ndinkalichotsa msanga ndi kuyang'ana kumbali. A Magdalena anaima kunja kwa riboni osadandaula, madzi akutsika pa nkhope, monga munthu amene anazolowera kudikira pakhomo la wodi.

Dzuwa litapendeka, m'mene linalili kuseri kwa mitambo, ndinagwira pakati, ndinagwira m'mbali, ndinapisa dzanja m'phanga mpaka m'chigongono. Kenaka ndinakweza riboni.

Anagwada movutikira, nkuika chikhatho chawo pa chitsa. Anachisiya pamenepo nthawi yaitali, maso ali chitsekere.

“Wazizira,” anatero.

“Eya, mayi.”

Anatola kabeseni, fulasiki ndi tsache lawo, nkundifunsa ngati gadiyani angapite kunyumba tsopano. Ndinati angapite.